Amene Amapinda Masamba

Galimoto ya a Zondwayo, amene amatibweretsera katundu kuchokera ku Joni, inayenera kufika Lachiwiri koma inafika Lachisanu. Masiku atatu amenewo ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndikangokhala pampando mu shopu ya fotokope momwe ndimagwira ntchito pa Boma, miyendo inkayamba kuyabwa kuti ndikasuzumire ku depoti. Azimayi anzanga ankadikira mabulangeti ndi mafiriji. Ine ndinkadikira buku.

Sekani ngati mukufuna, ndinazolowera. Ine ndi mwamuna wanga Chawanangwa tinadziwana tili kusekondale chifukwa cha mabuku a mizukwa ndi zinjoka. Kwathu ku Manyamula ankati tonse awiri mitu yathu sikoka, poti munthu wamkulu sangalirire mfiti ya m'buku. Atapita ku Joni zaka zinayi zapitazo, tinapangana kuti buku lililonse aziyamba kuwerenga ndi iye, kenako azinditumizira. Amawerenga pensulo ili m'manja. M'mphepete mwa tsamba ndinkapeza mawu ake: "Dyness, apa usaope," kapena, "Uyu usamukhulupirire." Pafoni tinkangokamba za feteleza ndi za mwana wathu Yona, koma zenizeni tinkakambirana m'mabukumo.

Limene ndinkadikirali linali lachitatu, lomaliza, la nkhani ya mtsikana woweta mitambo. Mtsikanayo akufunafuna mlongo wake amene anatengedwa ndi mizimu ya pansi pa phiri, ndipo buku lachiwiri linathera pamene wangogogoda pakhomo la mizimuyo. Miyezi isanu ndi itatu ndinaima naye pakhomo limenelo.

"Katundu winu uyu, mama," anatero a Zondwayo akundipatsa katoni. "Mbwenu mutisiye tipume tsopano. Nsapato zathera pa depoti."

"Yewo chomene, adada," ndinatero, manja ali kale pa selotepi.

Ndinalitsegula pomwepo, pakati pa akabaza ndi fumbi. Tsamba loyamba munalibe pensulo. Lakhumi munalibe. Ndinati mwina munthu watopa, ntchito ya zomangamanga si masewera. Kenako pa tsamba 23 ndinapeza kona ya tsamba itapindidwa.

Chawanangwa sapinda tsamba. Tili pachibwenzi anakhala masiku awiri osandilankhula chifukwa ndinapinda tsamba la buku lake. Iye amaikapo tikiti ya basi. Komanso bukuli silinali la kaunjika loti ladutsa m'manja ambiri, chifukwa tsiku limene analigula anandionetsa pafoni likadali m'pulasitiki.

Loweruka lonse malo anandikana. Ndinawerengera pakhonde, ndinasamukira pansi pa mtengo wa mango, ndinalowa m'nyumba, ndinatulukanso. Ndiwo zinapserera ine ndili chiimire pakhomo la khitchini, buku kumaso. Mtsikana uja analowa kwa mizimu, akuyenda m'misika yawo momwe amagulitsa maloto a anthu amoyo, ndipo ine ndinkafuna kumutsatira ndi mtima wonse, koma diso linkangothamangira kukona ya tsamba. Mapindidwe ake anali aang'ono, aukhondo, osindikizidwa ndi chikhadabo. Pa tsamba 190 panali kadontho ka penti wofiira wa zikhadabo.

Ndinalitseka n'kuliponya pabedi. Ndinatunga madzi omwe sindinkawafuna, ndinasesa pabwalo posesa kale. Mphindi khumi zisanathe ndinali nditalitolanso, chifukwa mtsikanayo ndinamusiya pa mlatho wa mafupa ndipo sindikanatha kumusiya pamenepo.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'choti mayi wopinda masambayo ankadziwa kuwerenga. Sankalekera paliponse ngati munthu wogwidwa ndi tulo. Ankalekera pamene inenso ndikanalekera, pamalo poti uyenera kuika buku pachifuwa kaye kuti upume. Ndinkafuna akhale chitsiru, koma sanali.

Lamlungu kutchalitchi sindinapite. Belu likulira, ine ndinali pa tsamba 412, pamene panali kona yopindidwa yomaliza. Kutsogolo kunatsala masamba makumi atatu osalala, oti chala cha munthu sichinawakhudze. Ndinaona mmene zinachitikira: a Zondwayo ananena tsiku lonyamuka, ndipo mwamuna wanga anachotsa bukulo m'manja mwa mayiyo asanamalize, n'kuliika m'katoni pamodzi ndi sopo wanga. Ndinawerenga masamba otsalawo. Ndinalira mpaka mutu kuwawa, ndipo sindingakuuzeni kuti misozi ya buku inalekera pati.

Masana ndinaimba foni.

"Buku lafika?" anafunsa Chawanangwa, mawu ali myaa.

"Lafika, yewo. Mapeto aja mwawaona bwanji, bambo a Yona?"

"Abwino chomene. Kungoti ntchito inandichulukira, n'chifukwa chake sindinalembemo."

"Mlongo uja anapezeka?"

"Eya, anapezeka."

Mlongoyo sapezeka. Pamenepo ndinadziwa kuti iye sanaliwerenge n'komwe, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa penti wa zikhadabo uja.

"Amapinda masamba ndani?" ndinafunsa.

Kumbuyo kwake mpopi unkatuluka madzi, kenako wina anautseka.

"Dyness, nkhani iyi njofunika tikhale pansi."

"Ine ndakhala kale pansi. Ali pomwepo?"

"Alipo."

"Chichewa amamva?"

"Ndi wa ku Kasungu. Dzina lake ndi Esme."

"Dzina sindinafunse. Ikani foni pa laudi."

Sindikudziwa chifukwa chake anamvera. Mwina ankaganiza kuti nditukwana, nkhani ithere pomwepo. Mawu a m'chipindamo anakula, ndipo ndinamva munthu akupuma chapatali.

"Mayi, munalekera pa tsamba 412," ndinatero. "Tcherani khutu ndikumalizireni. Mlongo uja kulibe. Anafa tsiku lomwe anatengedwa, ndipo mawu amene ankamuitana mtsikanayo zaka zonsezi anali a mizimu. Kuti imulole kutuluka, akuisiyira mitambo yake yonse. Akubwerera kwawo yekha, wapansi, kudziko kumene mvula sidzagwanso."

Kenako mawu aakazi, otsika, osalankhula kwa ine kapena kwa Chawanangwa, anati, "Ayi. Ndi kamtambo kakang'ono kaja komwe?"

"Ndi komwe," ndinatero, n'kudula foni.

Chibadwire sindinamuuzepo munthu mapeto a buku limene sanamalize. Ndinkayesa kuti ndikatero mtima ukhala pansi, koma sunakhale. Foni inalira kanayi, sindinayankhe. Kamtambo kameneko, kotsimphina, kotsalira m'mbuyo nthawi zonse, ndi kamene inenso kanandiliza m'mawa uja. Ndinayang'ana msewu wopita ku Boma, anthu akuchokera kutchalitchi awiriawiri, ndipo ndinawerenga m'mutu onse amene ndimawadziwa kuno ndi ku Manyamula. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti ndikamuuze za kamtamboko n'kundimvetsa. Munthu yekhayo amene akanandimvetsa anali m'chipinda cha mwamuna wanga.