Liveti Yotsala

Liveti ija, kamsomali kakafupi kokhomera mabuleki, anaipeza akusesa pakhonde, thirakitala itachoka kalekale. Inali m'kasosala momwe ankaikamo maliveti, yokhayokha, ikuwala ngati ilibe mlandu.

A Makaniko anakhala pansi, tsache lili m'manja. Ku galaja anasiyako zaka zisanu zapitazo koma dzinalo linawakakamira, ndipo masamu a mabuleki ankawadziwa ali m'tulo. Mashuzi, zitsulo zokhota zija zimagwira gudumu chamkati, analipo anayi. Shuzi iliyonse imadya maliveti asanu ndi atatu. Onse pamodzi ndi makumi atatu ndi awiri, ndipo ndi omwewo analemba pakapepala potuma akazi awo kusitolo. Nanga iyi yatsala bwanji? Ndiye kuti penapake pali bowo lopanda kanthu.

Ntchitoyo anaigwira dzulo lake, tsiku lonse. Laining'i yakale, chikamba cholimba chija chimakhomedwa pamwamba pa shuzi, inali itatheratu mpaka chitsulo kumakhulana ndi chitsulo chinzake, moti thirakitala ikamaima agalu a msewu wonse ankauwa. Mashuzi atsopano a thirakitala yokalamba chonchija simungawapeze olo mutayenda mpaka mapazi kutupa. Choncho anagumula maliveti akale ndi panchi, kachitsulo kosongoka komenya ndi hamala, n'kupala dzimbiri ndi sandipepala, n'kupukuta fumbi ndi nsanza yonyowa. Kenako anapana laining'i yatsopano pa vaisi, chopanira zitsulo chija, n'kuboola. Mutu wa liveti uyenera kumira ndithu mkati mwa laining'i, ndipo kukhoma kumayambira pakati kupita kumapeto, apo ayi imatukuka.

Zonsezi ankazidziwa. Vuto linali manja. Anayamba kunjenjemera chaka chatha, ndipo a Makaniko anachita manyazi nawo ngati aba. Tiyi ankamwa atagwira kapu ndi manja awiri, n'kumanamizira kuzizira. Alendo akabwera, manja m'thumba. Dzulo anatseka chitseko cha kukhitchini ati fumbi lisalowe, pamene chenicheni sankafuna kuti akazi awo aone hamala ikuphonya panchi. Pa shuzi yachitatu anapumirako kawiri. Kodi atadzuka anayambira pabowo loyenera? Sanathe kukumbukira.

Woyendetsa thirakitalayo anali mwana wawo wamkazi, chitsiriza, amene aliyense ankangomutchula kuti Dalaivala. M'mawa anayesa mabuleki pabwalo, kuponda kawiri, n'kuseka.

"Ababa, dzanja mukadali nalo," anatero.

Koma pabwalo pathyathyathya chilichonse chimagwira. Lero amakakoka ngolo yodzaza njerwa, ndipo msewu wochokera ku uvuni uli ndi mtsetse wautali wothera pamlatho wopapatiza. Laining'i ikatentha n'kusendeka mbali imodzi, thirakitala imakhotera uko gudumu lagwirako, ngolo n'kumakankha kumbuyo. A Makaniko anaionapo thirakitala itatero, ndipo sanafune kukumbukira mmene dalaivala wake anamutulutsira.

Anaimba foni. Inaitana mpaka kuduka. Kachitatu m'pamene anakumbukira kuti lamulo loti pachiwongolero foni sayankha analiika ndi iwo omwe, mokalipa kumene. Mwana womvera naye amapweteketsa mutu nthawi zina. Akazi awo anali atapita kumsika, wodandaulira panalibe. Anatenga njinga, liveti ili m'chibakera.

Anadzera njira yachidule, kupalasa ngati si munthu wa mawondo olira. Pofika pamwamba pa mtsetse, thirakitala inali itazolika kale, ngolo ikugwedezeka m'mbuyo, njerwa zitaunjikidwa mpaka pamwamba. Ankaona msana wa mwana wawo ndi kachipewa kake kofiira. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, n'kutsekanso. Mwanayo akacheuka, kapena akaponda buleki modzidzimuka, ndiye basi amupha ndi pakamwa pawo.

Anangoima, phazi lawo lamanja likuponda dothi. Pang'onopang'ono, mwanawe. Ponda, siya. Ponda, siya. Fungo la laining'i yotentha linawafika m'mphuno. Pakati pa mtsetse thirakitala inapendekera kumanzere, koma kanali kadzenje chabe. Inawongoka, inatsika, inalowa pamlatho matabwa akulira, n'kutulukira tsidya lina. A Makaniko anagoneka njinga n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu.

Masana Dalaivala anawapeza pabwalo, jeke ndi masipanala atayala kale.

"Zimitsa. Tikutsegula magudumu onse awiri."

"Ababa, zikugwira bwinobwino. Ndatsika nayo kawiri."

"Kawiri?" anafunsa a Makaniko. Anatambasula chibakera, n'kubweza dzanja m'thumba msangamsanga. "Iyi yatsala. Mwina ndakuyendetsa pa mabuleki operewera."

Mtsikanayo sanatsutsenso. Anakweza jeke, anamasula magudumu, anasolola mashuzi onse anayi n'kuwandandalika pasaka. A Makaniko anawerenga. Mwana wawo anawerenganso, akugwira liveti iliyonse ndi chala. Makumi atatu ndi awiri. Bowo lopanda kanthu panalibe, ndipo mitu yonse inali itamira mofanana.

Akazi awo anawapeza ali choncho, akuyang'anizana ndi zitsulo. Anatula basiketi pakhonde.

"Mwaphwasulanso? Si dzulo lomweli mwamanga?"

"Amayi, wa sitolo uja anakupatsani basela?" anafunsa a Makaniko, akuonetsa liveti.

"Ameneuja angapereke basela? Olo moni amapereka mowawidwa. Imeneyo ndinaonjezera ndine."

"Pakapepala ndinalemba bwinobwino."

"Ndinawerenga, abambo. Ndinati imodzi ikakupulumukani n'kugwera m'fumbi, musavutike n'kundifotokozera chifukwa chake. Mabawuti a wilibala aja ndinaonjezera. Misomali ya chitseko ija ndinaonjezera. Simunafunsepo, poti sipankatsala kanthu."

A Makaniko anakumbukira mabawuti aja. Limodzi linagudubuzikira m'ngalande, koma anakwanabe, iwo n'kumathokoza mwayi.

"Kuyambira liti?" anafunsa chapansipansi.

"Kuyambira pamene munayamba kumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo." Mayiwo anatola liveti ija m'dzanja mwawo, n'kuizunguza. "Dzulo ndinali kuseri kwa chitseko, ndikumvera hamala. Ndinadziwa kuti mukukhomera mwana. Onani, simunagwetse olo imodzi."

Dalaivala anali atagwada pasaka, maso ali pa matumba a thalauza la bambo ake. A Makaniko anaona kuti nayenso ankadziwa, mwina kalekale, ndipo manyazi amene anawasenza chaka chathunthu anaoneka opusa.

Anatulutsa manja onse awiri. Ankanjenjemera poyera, dzuwa likuwala, ndipo palibe anayang'ana kumbali. Anatola sipanala yaikulu n'kupatsa mwana wawo.

"Ubwezeremo ndiwe," anatero. "Ine ndiziwerenga."