Laputopu ya a Ndikubwera

Pakampani pathu panali lamulo limene aliyense ankalidziwa ngati dzina lake: ukamachoka padesiki, kiya kompyuta. Mlonda wa lamuloli anali mkulu woyang'anira makompyuta, amene tinkawatcha a Zingwe chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa kachingwe kolendewera. Ankayenda mwakachetechete ngati mphaka. Akapeza kompyuta yosakiya ankakhala pampando wa mwini wake n'kulembera antchito onse uthenga m'dzina la munthuyo: "Anzanga okondedwa, mawa ndibweretsa keke." Ndipo kekeyo inkabweradi. Koma wogwidwa kachitatu ankalandidwa laputopu n'kupatsidwa chikompyuta cha padesiki, chosanyamulika.

A Ndikubwera a kugawo la malonda anali atatidyetsa kale keke kawiri. Dzinali analipata chifukwa chosakhazikika: foni ikalira, "ndikubwera", wina akaseka m'khonde, "ndikubwera". Anakwatira mchemwali wa a Zingwe, koma chilamucho sichinawathandize. Laputopuyo ndi imene inkawalola kugwirira ntchito kunyumba Lachisanu lililonse, tsiku limene akazi awo ankaswera kuchipatala komwe anali namwino, ndipo panalibe wina womusiyira mwana.

"Alamu, mabatani ake ndi awiri okha," a Zingwe ankawakumbutsa. "Ngakhale mwana wanu wokwawa uja angathe kudina."

"Uja zala zake n'zanthete, alamu. Zangazi zinauma ndi ntchito yeniyeni, osati yosuzumira makompyuta a eni."

Lachinayi lina m'mawa foni ya a Ndikubwera inalira. Anali akazi awo. "Ndikubwera," anauza desiki, natuluka foni ili kukhutu. Laputopu inatsala yoyasama, ikuwala ngati zenera.

Tinayang'anana. Mnzathu wina anadzuka kuti akawakiyire, koma anachedwa. A Zingwe anali atatulukira kale kuseri kwa makina osindikizira. Anakhala pampando, naongola zala, nayamba kulemba mosafulumira ngati munthu amene akumva kukoma.

A Ndikubwera atabwerera anaima chilili.

"Alamu, tiyeni tikambirane."

"Tikambirana mawa, tikudya keke. Chaja chake chili kuti? Ndinyamulire limodzi."

"Mawa ndi Lachisanu, alamu. Mwana ndimusiya ndi ndani?"

"Lamulo silidziwa mwana."

Foni ija inali isanadulidwe, ndipo tonse tinamva mawu aang'ono akutulukamo. "Bambo a mwana, tawapatsani foni achimwenewo."

A Ndikubwera anakweza mawu a foni, naiika padesiki mwaulemu.

"Achimwene, tengani laputopuyo," anatero mayiwo. "Musamunyengerere ameneyo, ngakhale kuno amasiya chitseko chosatseka. Lamulo ndi lamulo."

A Zingwe anagwedeza mutu mokhutira, akutiyang'ana kuti timve.

"Koma mwanayu ndizidzamusiya kuofesi kwanu Lachisanu lililonse. Si inu amalume ake? Atate ake amakhala pagulu, inu muli ndi chipinda chanuchanu. Wayamba kumera mano. Chilichonse chooneka ngati chingwe akutafuna."

Dzanja la a Zingwe linapita lokha kuthumba, n'kukankhira mkati kachingwe kaja.

"Achemwali, chipinda chija si cha ana. Muli makina osunga zinthu za kampani yonse."

"Aja a timagetsi tothwanima? Akondwa nawo kwambiri. Amakonda kuzula mapulagi."

Foni inaduka. Mnzathu uja anakhosomola dala kubisa phwete.

A Zingwe anasisita chibwano. Kenaka anatenga foni ya alamu awo, nailumikiza ndi laputopu, nadinadina.

"Kuyambira lero, foniyi ikatalikira, laputopu izidzikiya yokha," anatero. "Njirayi ndinkafuna kuiyesa kalekale, ndimangosowa munthu wosachiritsika. Laputopu ikhala yanu."

"Alamu, Mulungu akudalitseni."

"Kekeyo ibwere Lolemba. Ikhale yaikulu." Anakonza tsiku mu uthenga uja, natumiza. Makompyuta athu onse analira pamodzi.

A Ndikubwera anali asanakhale n'komwe pamene wina anaseka m'khonde.

"Ndikubwera," anatero, natuluka. Foni anaisiya padesiki, pambali penipeni pa laputopu, yomwe inapitiriza kuwala mokhulupirika.

A Zingwe anayang'ana foni, nayang'ana laputopu, nayang'ananso chitseko cha chipinda chawo cha makina. Kenaka anatambasula zala ziwiri n'kudina okha mabatani aja.

"Palibe waona kanthu," anatiuza.