Chitsulo cha Pansi pa Chishalo

Nasingano, telala wa pakhonde la sitolo, adaima chilili kuyang'ana wowotcherera akugogoda njinga yamoto ya bambo ake. Pansi pa chishalo nyundo idangolowa, dzimbiri n'kuyoyoka ngati ufa wofiira.

"Chikomekome cha mkuyu, mayi," adatero wowotcherera uja. "Pentiyu akukunamizani, fulemu idadyeka. Ndikangomata apa, mukatsala pamsewu ndi mahandulo okha m'manja. Kapezeni njinga ya mtundu womwewu, tidule chigawo ichi, tilumikize."

Bambo ake, chidwalireni sitiroko, sankayankhula. Ankangokhala pampando wa pawindo. Njinga yamoto ikamadutsa ankatembenuza mutu, n'kutchera khutu, kenako maso n'kugwa pansi. Nasingano ankawalakalaka bambo aja ankamutenga kusukulu akuimba mluzu, iye atakakamira jekete lawo lonunkha petulo.

Adazungulira kwa ogulitsa zitsulo zakutha mpaka nsapato zidayasama. "Mtundu umenewo udapita ndi agogo athu," ankamuseka. Mmodzi ndiye adamulozera kwa mlonda wina wopuma ntchito.

Njinga ya mtundu uja adaipezadi m'chipinda cha mlondayo, yofunditsidwa bulangete. Injini idafa kalekale, koma fulemu inali gwa, yopakidwa oyilo. Nasingano adafotokoza zonse, za dzimbiri ndi za bambo ake.

"Njingayi nja mwana wanga," adatero mkuluyo. "Adapita kunja kukafuna ntchito. Adati ndimusungire."

"Amaimbako foni?"

Mkuluyo adangoweramira pansi, n'kumawongola bulangete lomwe linali lowongoka kale.

Nasingano, pokhala telala, ankadziwa kuti chigamba chilichonse chimasiya bowo pansalu ina. Adapepesa, n'kutembenuka kuti azipita.

"Mwati bambo anu amamvetsera pawindo?" adafunsa mkuluyo.

"Eya, bambo."

"Ine ndimamvetsera pageti." Mkuluyo adavundukula bulangete lija. "Mwanayo akadzabwera adzandikalipira. Bola adzabwere, adzakalipe. Kaitaneni wowotcherera wanuyo."

Tsiku lodula, mkuluyo adagwira yekha mahandulo ngati kholo logwira mwana wobayidwa jakisoni, nkhope atayang'anitsa kukhoma.

Njinga itatha kukonzedwa, wowotcherera adaiyimika pansi pa windo la bambo a Nasingano n'kuiliza. Idatsokomola, idazima, kenako idabangula ndi mawu ake akale aja, osasa ngati a munthu wachimfine. Bambo sadamwetulire, pakamwa padakana. Koma dzanja lawo lomwe silidafe ndi sitiroko lidafumbata mkono wa mpando n'kuyamba kuupotokola pang'onopang'ono, ngati akuwonjezera moto wa njinga. Nasingano adabisa nkhope m'nsalu yake.

Ataphunzira kuyendetsa, ulendo wake woyamba unali wokaonetsa njingayo kwa mlonda uja. Atatsala pang'ono kukhota kulowa mumsewu wa kwa mkuluyo, adazimitsa injini, n'kutsika. Adaopa kuti mkuluyo angamve kulira kwa njinga yamtundu uja, mtima n'kumudumpha, n'kuthamangira pageti.

Mtunda wotsalawo adaikankha mwakachetechete, dzuwa likumuswa pamutu.