Foni Yachinayi pa Rauta Yathu

Ndinali nditakwera pampando wa kukhitchini, msomali pakamwa, rauta yatsopano ya intaneti m'khwapa, pamene amayi anayamba kundiuza kuti ndikukhoma mokhota. Amayi anga sanagwirepo hamala chibadwire, koma kuyang'anira ntchito za ena ndiye usawayese. Rauta yakale inali itapsa ndi mphenzi, ndipo achimwene anga a Tonderai, amene amasamalira okalamba ku Mangalande, anatumiza ina kuti azionana ndi amayi pafoni Lamlungu lililonse. Anatumizanso malangizo ataliatali. Lalikulu linali lakuti ndiipatse dzina ndi nambala yachinsinsi zomwe zinali pa yakale ija, kuti foni ya amayi ingolumikizika yokha.

Ndinachita momwemo. Dzina linali lija anasankha bambo, PaGwatidzo, lotchula banja lathu, ndipo nambala yachinsinsi inali nambala yawo ya ntchito ku njanji, kumene anagwira zaka makumi atatu. Apa n'kuti patapita miyezi isanu ndi iwiri bambo atamwalira. Tinakawaika kumudzi ku Chivi, ulendo wa maola atatu kuchokera kuno ku Gweru.

Achimwene anandichenjezanso kuti ndiziyang'ana mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, poti ku Mkoba kuno, dera limene timakhala, intaneti ya mnzako anthu amaiyesa ya tonse. Pa mndandandapo panayenera kukhala zitatu: foni yanga, laputopu yanga ndi foni ya amayi. Tsiku lachitatu, nditangoweruka ku famase kumene ndimagwira ntchito, ndinapeza zinayi. Chachinayicho chinali ndi dzina limene ndinalemba ndekha ndi zala zangazi tsiku limene ndinawagulira bambo foni: Foni ya Kefasi, dzina lawo. Pambali pake panali kamzere kamodzi, kusonyeza kuti ili patali. Nthawi inali hafu pasiti folo.

Choyamba kundigwira si mantha ayi, unali ukali. Pamaliro athu pamasowa zinthu, masupuni, mabulangete, ngakhale nsapato za anamfedwa, ndipo foni ya bambo sindinaionenso chiwaikire m'manda. Ndinatuluka ndi patapata mmodzi kuti ndikamugwire wakubayo. Mumsewu munali mayi wogulitsa tomato ali mtulo pansi pa ambulera, basi. Pobwerera m'nyumba, dzina lija linali litachoka.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusenda nzama. Nditawafotokozera kuti pali wachibale wopanda manyazi amene akuyendayenda ndi foni ya malemu, sanadzutse mutu n'komwe.

"Palibe anaba, Shamiso. Ndinaiika ndekha m'thumba lamkati la jekete lawo musanatseke bokosi. Bambo ako sankapita ngakhale kuchimbudzi opanda foni. Ndikanawalola bwanji kupita ku Chivi chimanjamanja?"

Ine kusukulu sindinapite kukasewera. Ndinawauza kuti batire silingakhale miyezi isanu ndi iwiri, kuti foni ili pansi pa dothi, kuti rauta mphamvu yake imathera pa ngodya ya msewu wathu womwewu. Anandimvera mpaka ndinamaliza. Kenaka anangofunsa kuti inali nthawi yanji. Nditawauza, anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiyo nthawi imene bambo ankatsika kombi, minibasi ya kuno, pa ngodyapo.

Mawa lake ndinayenda ndi foni yanga m'manja ngati woyeza malire a munda. Pa ngodya inkaonetsa kamzere kamodzi. Pageti tiwiri. Pakhonde titatu. Pabalaza, pafupi ndi mpando wa bambo umene palibe ankakhalapo, tinayi. Ndikanadziwa sindikanayeza, chifukwa kuyambira pamenepo ndinkadziwa pamene munthu waima.

Sabata yonseyo foni ija inkabwera hafu pasiti folo, kamzere kamodzi, n'kuchoka pakatha mphindi khumi. Lolemba lotsatira timizere tinali tiwiri. Ndinasuzumira pawindo. Dzuwa linali phwee, zovala zili pachingwe, ndipo galu wathu Shumba, amene amaluma ngakhale abusa, anali atakhala pageti akugwedeza mchira, mutu atautukula ngati wina akumukanda kukhosi. Kunja kwa geti kunalibe munthu. Ndinene zoona, ndinawaopa bambo anga. Bambo amene ankandinyamula paphewa kukaona sitima, ndinawaopa, ndipo ndinachita nawo manyazi mantha amenewo.

Amayi anayamba kusintha. Folo ikamakwana ankasamba, kuvala duku loyera, n'kutereka tiyi wa makapu awiri. Kudya anachepetsa. Lamlungu polankhula ndi achimwene ankangoyang'ana kukhomo, mpaka achimwenewo anandiimbira padera kundifunsa ngati amayi akumwa mankhwala awo a shuga. Foni yachinayi sindinaitchule. Munthu ali ku Mangalande ungamuuze bwanji zotere?

Tsiku limene timizere tinafika titatu ndinaimbira azakhali a Esinati, alongo awo a bambo, ndipo anakwera basi ya m'mawa kuchokera ku Chivi. Azakhali ndi munthu woseka kwambiri, amene amanditchabe kamwendo ka udzudzu ngakhale ndili ndi zaka makumi atatu. Tsikulo sanaseke. Anakhala pamphasa, nawauza amayi kuti mwambo wa kurova guva, woitanira mzimu wa malemu kunyumba, umachitika chaka chikatha, ndipo kunali kutatsala miyezi pafupifupi isanu. Mowa unali usanafulidwe, mbuzi isanapezeke, abale asanaitanidwe. Mpaka tsikulo malemu amakhala wa kutchire.

"Wobwera asanaitanidwe sabwera kudzateteza, mlamu," anatero. "Amabwera chifukwa wasungulumwa, ndipo wosungulumwa sabwerera yekha. Taonani mikono yanuyi mmene yathera."

Amayi ankapotapota nsonga ya nsalu yawo. Azakhali anatembenukira kwa ine.

"Iwe wamakinawe, unasiya khomo lake lakale ndi kiyi wake wakale. Umati atani? Tseka."

Inali itangokwana folo. Ndinakhala patebulo, laputopu patsogolo. Dzina lija la PaGwatidzo ndinalifufuta n'kulemba lina losatchula banja lililonse. Nambala ya ku njanji ndinaichotsa, n'kuika yaitali yosakaniza zilembo zazikulu, zazing'ono ndi manambala, yopanda tanthauzo kwa wamoyo kapena wakufa. Kabatani kolowetsa munthu popanda nambala ndinakazimitsa. Ndinatcheranso kuti chipangizo chachilendo chikangolowa, foni yanga izinjenjemera. Zonsezi zinali m'malangizo a achimwene, kumapeto kwenikweni, kumene ndinachita ulesi kuwerenga tsiku loyamba lija. Nditalumikizanso foni ya amayi, anandipempha kuti ndiwalembere nambalayo papepala, mwina foni ingadzaiwale ine ndili kuntchito. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa cha maso awo.

Hafu pasiti folo inakwana. Pa mndandanda panali zitatu. Shumba analira pageti kulira kwa galu womangidwa, anakanda pansi, kenaka anakagona kuseri kwa thanki ya madzi. Azakhali anaomba m'manja pang'onopang'ono, akuyang'ana kukhomo, nawauza alongo awo, malemu bambo, kuti apirire, Ogasiti sali kutali. Ine mtima unakhala pansi, koma ndinkadziona ngati mwana amene watsekera bambo ake panja mvula ikugwa. Amayi anatsanulira kapu yachiwiri ija m'sinki, naitsuka nthawi yaitali.

Azakhali anabwerera Lachisanu. Loweruka ndinagwira ntchito mpaka masana, n'kudzera kumsika, ndipo kombi inanditsitsa pa ngodya yathu folo itapitirira. Ndili chapatali ndinaona duku loyera pageti. Amayi anali ataima mkati mwa mpanda, magalasi pamphuno, kapepala kaja m'manja, geti lili pululu. Shumba anali pambali pawo, mchira ukusesa fumbi.

Ndinaima pafupi ndi mayi wa tomato uja. Mawu a amayi ankamveka bwinobwino, odekha, ngati mmene ankawawerengera bambo malangizo a pa botolo la mankhwala.

"Eyiti. Kenaka R wamkulu, wamkulu bambo a Tonderai, musafulumire. Kenaka m wamng'ono."

Pa chilembo chilichonse ankaima kaye, kudikira munthu wa zala zikuluzikulu amene sankaona bwino timabatani.  Anawerenga chilembo chomaliza, napinda kapepalako kawiri, nakalowetsa m'bulauzi.

M'chikwama changa, pansi pa mtolo wa masamba, foni inanjenjemera kamodzi. Sindinaitulutse. Ndinkangoyang'ana amayi, amene anasuntha pang'ono kuchoka pakati pa njira, nagwira geti ndi dzanja limodzi kuti mphepo isalitseke.