Tsiku Limene Bambo a Kaphokoso Anathyola Geti

Nyumba yachitatu pamalo a bungwe lolera ana inali ya Amayi. Ana asanu ndi atatu ankawaitana choncho, ngakhale panalibe amene anamubereka okha. Wamkulu anali mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi amene anzake ankamutcha Kapitawo, chifukwa chokonda kulamula tiana. Wamng'ono anali Kaphokoso, mtsikana wa zaka zinayi. A boma anamupeza atabisala pansi pa bedi tsiku limene bambo ake anamenya mayi ake mpaka kuwathyola msana. Mayiyo sanayendenso, bamboyo anamangidwa.

Loweruka lina masana Amayi ankayanika zovala kuseri pamene anamva geti likugundidwa, kenako mlonda akukuwa. Atathamangira kumaso anapeza mlondayo ali chagada, magazi akutuluka m'khutu. Pambali pake panaima mwamuna wamtali, atagwira paipi yachitsulo.

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga," anatero.

"Mwana wanu ndi uti, bambo?" Amayi anafunsa pofuna kumuchedwetsa. Anali atamuzindikira kale, chifukwa mphuno ndi maso zinali za Kaphokoso.

"Musandiyese chitsiru, mayi inu. Ndatuluka dzana. Mundipatse!"

Amayi anacheuka n'kukuwira ana amene ankasewera pakhonde. "Lowani m'nyumba! Khomani chitseko!"

Tiana tinathamangira mkati, loko n'kulira. Amayi anaima pakhomo atatambasula manja. Mwamuna uja anakweza paipi n'kuwamenya nayo pamkono, fupa n'kumveka phwa! Amayi anagwa, koma ndi dzanja linalo anamugwira mwendo. Anawaponda kumaso, anawapondanso pakamwa, iwo osasiya. Anawakhwekhwereza pasimenti mpaka pawindo, n'kuswa galasi ndi paipi ija. Mkati ana ankalira mosweka mtima, ndipo mawu a Kaphokoso ankamveka pamwamba pa onse.

Kapitawo anali kumunda wa ndiwo kuseri kwa thanki. Anatulukira akuthamanga, fosholo ili m'manja, n'kumufikira mwamunayo kumbuyo. Anamumenya pankhongo kamodzi, munthu wamtali uja n'kugwa ngati thumba. Paipi inagubuduka n'kukagwera mu ngalande.

Zikanathera pomwepo, koma mnyamatayo sanaleke. Anamumenya m'nthiti, kenako kumaso, magazi n'kuthovukira pakhoma. Amayi ankamudziwa bwino mwana ameneyu. Anabwera kubungweko ali ndi zipsera za waya msana wonse, ndipo kwa chaka chathunthu ankadzidzimuka munthu akangokweza dzanja. Atamuyang'ana m'maso anaona kuti sakuonanso aliyense.

Anakwawa ndi mkono umodzi, winawo ukulendewera, n'kudziponya pamwamba pa munthu amene anawathyolayo.

"Chokani, Amayi! Chokani ndimumalize!"

"Sindichoka. Ukamenyanso umenya ine."

"Amakuphanitu! Galu ameneyu amakuphani!"

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma iwe supha munthu ine ndikuona. Ponya pansi."

Fosholo inali m'mwamba. Inatsika mwamphamvu n'kumenya simenti pafupi ndi mutu wawo, mpaka inapindika. Kapitawo anaitaya, anapita pamaluwa n'kuyamba kusanza.

Amayi a nyumba zina ndi amene anaitana apolisi ndi ambulansi. Mwamuna uja anachira, koma diso limodzi linafa, ndipo anabwerera kundende. Mlonda anagontha khutu limodzi. Amayi anataya mano awiri akutsogolo.

Akuluakulu a bungwe atakumana anagwirizana zoti Kapitawo atumizidwe kumalo osungirako anyamata ovuta. Amayi anapita ku ofesi ndi pulasitala wawo, milomo idakali yotupa.

"Akachoka iyeyo, mupezeretu wina wolera ana enawo," anauza mkulu wa bungwe. "Ine ndipita naye."

Mkuluyo anati mnyamatayo akhale, bola azionana ndi mlangizi.

Chovuta chinatsalira m'nyumba. Kaphokoso anaona zonse pawindo losweka lija, ndipo Kapitawo akangolowa pabalaza, ankathawira pansi pa tebulo. Mnyamatayo sanadandaule. Anangoyamba kutenga mbale yake n'kumakadyera pakhonde yekha. Amayi ankayamba adyetsa tiana, kenako ankanyamula mbale yawo ndi dzanja labwinolo n'kukakhala naye panja.