Injiniya wa pa Socket TV

Mu mpingo wa Amalawi wa ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, munalibe munthu amene sanamvepo kuti a Fryson Zangaphee anakhalapo pa TV. Mlendo akafika, sutikesi isanamasulidwe n'komwe, ankauzidwa zinthu ziwiri: kogula ufa, ndiponso kuti bambo wa jekete yotuwa uja ndi Injiniya, katswiri amene anaphunzitsa azungu za makompyuta pa Socket TV. Mlendoyo akachita tsoka n'kukhala nawo pafupi nthawi ya tiyi, ankaimva nkhaniyo kuchokera kwa eni ake mpaka tiyi kuzizira.

Socket TV mwina simunaimve, pakuti inafa kalekale. Anaiyambitsa mu 1998 anyamata atatu ovala magalasi, m'chinyumba chakale chosungiramo zitsulo za sitima ku Govan. Sinkabwera ndi mlongoti ayi, inkadzera pa kebulo, ndipo tsiku lonse inkangokamba za makompyuta: kutsegula, kupukuta fumbi, kuchotsa mavairasi, kutsekanso. Masana aliwonse kunali pulogalamu yoti anthu aziimba foni kudandaula za makina awo. Mu 2004 inagulidwa ndi kampani ya magemu, imene inathamangitsa a magalasi aja n'kuikapo achinyamata ofuula, ndipo pofika 2007 intaneti inali itaimaliziratu. Palibe anailira, kupatula a Fryson, amene ankaikumbutsa mpingo Lamulungu lililonse.

Nkhani yawo inkakula chaka ndi chaka ngati mwana wodya bwino. Poyamba ankati anayankhula nawo pafoni. Kenako kunabwera galimoto yodzawatenga. Masiku ano ankafotokoza mmene mtsikana wina anawapakira paudala kumaso kuti asanyezimire pa kamera.

Pakati pa sabata a Fryson ankakankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu cha ku Govan. Koma Lamulungu anali Injiniya. Makiyi a kabati ya pulojekita anali awo, ndipo mapemphero akatha anthu ankawaimira pamzere, aliyense atanyamula laputopu kapena foni yodwala. A Fryson ankaitenga, kuiika kukhutu, kuigogoda kawiri ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Imeneyi yafika penapake. Ndikaione pa benchi yanga kunyumba."

Lamulungu lotsatira inkabwera itachira. Benchi imeneyo palibe anaionapo. Inali tebulo la kukhitchini, ndipo wokhalapo anali akazi awo, mayi Ketrina.

Zinayamba chonchi. Atangofika ku Glasgow mu 2001, mapepala sankawalola mayi Ketrina kugwira ntchito, choncho ankatsala m'nyumba ndi khanda lawo, Temwani. Ankatsegula Socket TV kuti azolowere Chingerezi cha kuno, chimene poyamba chinkamveka ngati munthu akutsuka m'kamwa. Chingerezicho sanachigwire msanga, koma patatha chaka ankatha kumasula kompyuta yonse n'kuibwezera osatsala kasikulu ngakhale kamodzi. A Fryson ankangonyamula katundu n'kulandira mazikomo. Mkazi sanadandaulepo, mwamuna sanafunsepo, ndipo zaka makumi awiri zinadutsa mwamtendere.

Mtenderewo anausokoneza ndi Tisunge, mtsikana wa ku Zomba amene ankachita digiri yachiwiri payunivesite ya ku Hillhead. Lamulungu lina anawathamangira a Fryson pakhomo la tchalitchi, nkhope ikuwala.

"Ankolo! A Injiniya! Ndakupezani!"

"Wandipeza? Ndinasowa?"

"Pa tepi! Paja research yanga ndi mbiri ya Socket TV. Bambo wina amene ankagwira kamera kumeneko wandipatsa makatoni asanu a matepi. Imodzi yalembedwa dzina lanu, Malichi 2003. Akuyunivesite akuiika pa kompyuta, andipatsa Loweruka. Ine sindiionera ndekha ayi, tidzaonere limodzi mpingo wonse."

A Fryson ankadziwa bwino lomwe zimene zinali pa tepiyo. Tsiku limenelo kompyuta yawo inakana kuyaka, iwo n'kuimba foni ku pulogalamu yamasana ija. Anawadikiritsa pamzere mphindi makumi anayi, ndipo m'mene ankayankhidwa, mayi Ketrina anali ataikonza kale. Choipa kwambiri n'chakuti zimenezi anaziulula okha, ndi pakamwa pawo, dziko lonse likumva. Mwayi wawo unali woti nthawi imeneyo panalibe Mmalawi wina amene anali ndi kebulo.

"Mwanawe," anatero, "matepi akale ngoopsa. Amasunga mavairasi a makedzana amene makina amakono sawadziwa."

Tisunge anaseka mpaka kuwagwira paphewa. "Ankolo inu ndinu oseketsa! Ndauza kale a Goodson."

A Goodson, mkulu wa mpingo, anali munthu woti nkhani ikamufika sigona. Tsiku lomwelo analengeza kuti Lamulungu likudzalo, mapemphero akatha, onse akakhale mu holo kukaonera Injiniya wawo ali m'kati mwa ntchito. Amayi a mvano aphike mandasi. Mphunzitsi wa Tisunge wa kuyunivesite adzakhala mlendo wolemekezeka. Anthu anaomba m'manja, ndipo a Fryson anaomba nawo, pakuti analibe pothawira.

Sabata imeneyo inali yowawa. Chakudya sichinkatsika. Anaganiza zodwala, koma mpingo wa Amalawi ukamva kuti wadwala umabwera wonse kunyumba, ndipo ukanabwera ndi tepi yomwe. Lachinayi anayesa kwa akazi awo, amene anali pa tebulo la kukhitchini akumasula foni ya munthu.

"Amayi, nkhani ya tepi ija mukuiona bwanji?"

"Ndikuiona bwino," anayankha mayi Ketrina osadzutsa mutu. "Ndasita kale chilundu chatsopano. Tandipatsirani kasikuludalaiva ako."

Lamulungu linafika, monga limachitira ngakhale munthu ulipemphere kuti lichedwe. Anthu ali m'kati moimba nyimbo yomaliza, a Fryson anazemba n'kulowa mu holo. Anatsegula kabati, n'kumasula pulagi ya pulojekita, n'kuchotsamo kafyuzi kake. Pa zaukatswiri zonse za padziko lapansi, ichi chokha ndicho ankachidziwa. Kafyuziko anakaika m'thumba la jekete, pulagi n'kuitseka bwinobwino. Pobwerera anafika nthawi yabwino yonena Ameni.

Holo inadzaza. Ana ankathamangitsana pakati pa mipando akukalipirana m'Chingerezi chawo cha ku Glasgow. Mphunzitsi wa Tisunge, mayi wachizungu wa imvi, anakhala kutsogolo ali ndi kabuku ndi mandasi awiri m'manja. A Goodson anayankhula mphindi khumi ndi zisanu zonena kuti sayankhula nthawi yaitali. Kenako Tisunge analumikiza laputopu yake n'kudina batani la pulojekita.

Zii.

Anadinanso. Anazula zingwe zonse n'kuzibwezera. Anayesa soketi ina. Khoma linangokhala loyera. Maso onse anatembenukira kwa Injiniya, ndipo Injiniya anadzuka mwaulemu, kuika khutu pa pulojekita, kuigogoda kawiri.

"Yafa," anatero ndi mawu achisoni. "Imeneyi ngakhale pa benchi sichira msanga. Mwina miyezi itatu."

Anthu anadandaula. Mayi wa imvi uja anayang'ana wotchi yake. A Fryson anamva mtima ukubwerera m'malo mwake, mpaka anaganiza zotenga ndasi. Ndiye Tisunge anawayandikira, manja atagwirana, n'kupinda maondo pang'ono monga anaphunzitsidwira kwawo. Misozi inali italengeza m'maso.

"Ankolo, pepani. Ndakuchititsani manyazi pa tsiku lanu. Ndimafuna ana awa aone kuti ifenso tili ndi anthu athu m'mbiri ya mzinda uno. Mwina ndine ndaiwotcha polumikiza. Mundikhululukire."

Bodza a Fryson ankalitha, analisenza zaka makumi awiri osapuma. Koma kuti mwana wa eni ake awapepese chifukwa cha kafyuzi kamene kanali m'thumba mwawo, zimenezo zinawakanika. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu. Anayang'ana kumbuyo, kumene mayi Ketrina anakhala phee m'chilundu chawo chatsopano, chikwama chili pamiyendo.

"Amake Temwani," anaitana. "Tabwerani muzaione. Ine zimenezi sindizitha."

A Goodson anatsegula pakamwa osatsekanso. Mayi Ketrina anadzuka mosafulumira, n'kukonza chilundu, n'kupita kutsogolo. Pulojekita sanaiyang'ane n'komwe. Anatulutsa sikuludalaiva m'chikwama, n'kumasula pulagi, kenako anatambasula dzanja pansi pa nsalu ya patebulo, maso ali kwina. A Fryson anaika kafyuzi kaja m'dzanjamo. Palibe anaona, ndipo pasanathe mphindi khoma linawala.

Panaoneka mzungu wa magalasi dzina lake Percy, atakhala pakati pa makompyuta aakulu ngati mafiriji. Pansi panalembedwa kuti Fryson, Dennistoun. Galimoto panalibe, paudala panalibe, nkhope ya a Fryson panalibe. Panangomveka mawu awo a unyamata, m'Chingerezi chaulemu cha mphunzitsi.

"Fryson, takulandirani," anatero Percy. "Vuto ndi chiyani?"

"Zikomo a Percy. Muli bwanji?"

"Ndili bwino. Vuto ndi chiyani?"

"Ifenso tili bwino, kaya kunyumba? Amayi ali bwanji?"

"Ali... ali bwino."

"Nanga ana?"

"Ndilibe ana."

"Pepani kwambiri. Musataye mtima, Mulungu ali ndi nthawi yake."

Mu holo wina anayamba kutsokomola. Mawu a pa tepi anapitirira. Anafunsa za chimfine chimene Percy anali nacho sabata yatha, n'kumulangiza mandimu. Anapereka moni kwa mnzake wa Percy amene anali patchuthi. Anapempha kuti wa kamera naye amve kuti akupatsidwa moni, ndipo dzanja linatulukira m'mbali mwa chithunzi n'kubaibitsa. Anathokoza mtsikana woyankha mafoni chifukwa cha nyimbo yabwino imene anawaikira podikira. Nkhope ya Percy inali itafiira ngati tomato.

"Fryson, kwatsala masekondi makumi atatu. Funso lanu?"

"Aa, vuto latha kale. Mayi akunyumba akonza ndili pamzere pano. Koma sindikanadula foni osakupatsani moni, mukanati ndine munthu wotani?"

"Akazi anu? Tawapatsani foni!"

Panamveka kulira kwa khanda, kenako mawu a mkazi, aafupi. Anati kachipangizo ka memore kanali katasuntha, anakachotsa, anakapukuta, anakabwezera. Percy anaimirira n'kuomba m'manja yekha mu situdiyo, n'kunena kuti sabata yonse sanamve yankho lolondola chonchi.

Holo inaphulika. Amayi a mvano ankagwirana kuti asagwe. A Goodson anavula magalasi akupukuta misozi, uku akubwereza kuti, "Mulungu ali ndi nthawi yake! Kumuuza mzungu pa TV!" Mayi wa imvi uja ankalemba mofulumira, ndasi lili kukamwa, ndipo anauza Tisunge kuti mutu wonse wa pepala lake uyambire pamenepa. Tisunge sanadziwe kuti aseke kapena apepesenso. Tiyi asanathe, mzere wa malaputopu unali utaima kale, koma unaima kutsogolo kwa mayi Ketrina. A Fryson anapinda mipando, ntchito imene sanaigwirepo chilowereni mu mpingowo.

Pobwerera a Fryson ndi mayi Ketrina anayenda wapansi mu Duke Street, kamvula kakuwaza. Pa malo okwerera basi a Fryson anaima.

"Mumadziwa kuti ndachotsa fyuzi?"

"Mwabwereka sikuludalaiva yanga m'mawa. Inu simunabwerekepo chiyambire."

"Nanga zaka zonsezi, bwanji simunandiulule? Ulemu wonse uja unali wanu."

Mayi Ketrina anawayang'ana, madzi akudontha pa duku lawo.

"Kumudzi munali a hedimasitala, bambo. Mukamadutsa, ana ankaima. Tinafika kuno, anakupatsani bedi kuti muzikankha, ndipo munakankha osadandaula kuti ife tidye. Madzulo munkabwera maso ali pansi. Ndinaona kuti pafunika malo amodzi oti munthu akakuonani azidzuka pampando. Ine makompyuta ndinali nawo kale, sindinkasowa kanthu."

A Fryson anakhumudwa komanso kunyada nthawi imodzi, ndipo sanadziwe kuti ayambe ndi chiti. Anangotambasula dzanja n'kutenga chikwama cha akazi awo, chachikazi chenicheni cha maluwa ofiira, cholemera ndi zitsulo ndi mafoni a anthu. Anachikoleka paphewa la jekete yotuwa ija, ndipo anayenda nacho msewu wonse mpaka kunyumba anthu akuona.