Anadzukira ku Muloza

"Bwana, tsikani. Galimoto yathera pano."

Hopewell anatsegula maso n'kupukuta dovu pachibwano. Bokosi la keke linali pamiyendo pake bwinobwino, koma panja panali pachilendo. Akabaza anali atazinga kale chitseko cha minibasi, wina akukuwa, "Amigo, tiwoloke? Milanje pompano!"

"Kuno n'kuti?" anafunsa.

"Ku Muloza, bwana. Mukayenda pang'ono apo ndi Mozambiki."

"Nanga bwanji simunandidzutse pa Chitakale?"

"Munandiuza?" anatero kondakitala. "Ine ndimatolera ndalama, sindiweta ogona."

Mlandu panalibe, ndipo Hopewell ankadziwa. Ntchito ankagwira ku Limbe, m'sitolo ya zipangizo zomangira, koma nyumba anamanga kwawo kwa mkazi wake Edna, njira ya ku Likhubula. Anzake akuntchito akamamuseka kuti ndi mkamwini wa m'phiri, iye ankawatseka pakamwa ndi mapeyala. Kwake kunalibe landilodi wogogoda pakhomo. Madzi ankatsika m'phiri ozizira ngati a m'firiji, nanazi ankangothyola kuseri kwa bafa, ndipo mwana wake Takondwa ankathamanga pabwalo lalikulu, osati m'mphepete mwa ngalande.

Koma walira mvula walira matope. Kwa zaka zinayi Hopewell ankanyamuka tambala asanalire, n'kubwerako nkhuku zitalowa kalekale. Tulo take tambiri ankagonera m'minibasi ya kondakitala Lackson, pampando wapawindo, pakamwa pali yasa. Siteji yake sanaiyang'anepo n'kamodzi komwe, chifukwa akafika pa Chitakale, Lackson ankangomugwedeza phewa n'kunena kuti, "Shefu, kwanu." Lero anapempha kuweruka masana, n'kukwera minibasi ya anthu osamudziwa. Atangodutsa pa Nkando, thupi linachita zimene linazolowera.

Anatulutsa foni. Nthawi inali itapitirira hafu pasiti thu, ndipo Edna anali ataimba kasanu ndi kawiri. Mwambo wotsanzika ana kusukulu ya mkaka unayamba wani koloko. Takondwa ndiye anasankhidwa kulakatula ndakatulo, ndipo Lamlungu lapitali Hopewell anamulonjeza, chala chili m'mwamba, kuti adzakhala pampando wakutsogolo.

"Muli kuti, bambo a Takondwa?" Edna anayankha foni isanalire kawiri.

"Ndili ku Muloza."

Hopewell anamva mkazi wake akulimbana ndi phwete.

"Keke ya mwana mwapita nayo ku Mozambiki?"

"Mayi a Takondwa, si zoseketsa izi."

"Ndikudziwa. Ndakwiya kale, ndamaliza, tsopano ndikuseka. Mwana walakatula, anthu aombera m'manja. Bwerani bwino, madzi akatayika saoleka."

Minibasi yobwerera inatenga nthawi yake kudzaza, monga zimachitira munthu ukafulumira. Hopewell anakhala tsonga ulendo wonse, maso ali tong'o, akudzitukwana chamumtima. Ankayembekeza kukapeza mwana atatupa maso ndi kulira, ndipo mawu opepesa anawakonza n'kuwakonzanso mpaka pa Chitakale.

Anafika pakhomo dzuwa litapendeka. Takondwa anali pansi pa mtengo wa mapeyala, atavalabe chisoti chake cha pepala, akudyetsa anapiye madeya. Hopewell anaika bokosi pakhonde n'kugwada pafumbi ndi thalauza lakuntchito.

"Mayi wanga, ndakulakwira. Pepa."

"Palibe kanthu, adadi," anatero mwanayo mosangalala. "Ine sindimakudikirani. Amadamu anafunsa kuti bambo ako ali kuti, ndiye ndinawauza kuti inu mumabwera Lamlungu."

"Iwe, ine ndimabwera tsiku lililonse."

Takondwa anapukusa mutu ngati akukonza mnzake wolakwitsa samu.

"Ayi. Amene amabwera tsiku lililonse ndi buledi. Inu mumabwera Lamlungu."

Anatero n'kuthamangira bokosi lija. Hopewell anatsala chigwadire. Kukanakhala kulira akanamutonthoza ndi keke, koma izi zinamupweteka kwambiri, chifukwa mwanayo sankadandaula n'komwe. Ankangonena zimene ankaona.

Edna anatuluka ndi mpeni ndi mbale, namudulira mwana chidutswa chachikulu. Kenako anakhala pakhonde pafupi ndi mwamuna wake.

"Mwamva?" anafunsa Hopewell.

"Ndakhala ndikumva chaka chonse."

"Tisamuke. Ndikapeze nyumba ku Bangwe, ndizifika kunyumba kukadali kowala."

"Chipinda chimodzi ndi balaza, chimbudzi cha mabanja asanu?" anatero Edna. "Nkhuku zanga ndizikazigoneka pansi pa bedi? Amayi ndiwasiyire ndani? Inu nomwe, amene mumati madzi a m'tauni amanunkha mankhwala, mukakhala masiku angati?"

"Ndiye nditani? Ndisiye ntchito tizidya mphepo ya m'phiri?"

"A Abdul a sitolo ya malata pa Chitakale anandiimitsanso Lachiwiri. Akufuna munthu wodziwa katundu, woti azimusiyira makiyi. Aka n'kachiwiri kufunsa."

"Malipiro ake ndi ochepa."

"Ochepa, inde. Koma theka la a ku Limbewo mumadyetsa minibasi. Nenani zoona, bambo a Takondwa, chikukuvutani n'chakuti kutchalitchi asiya kukutchulani kuti a ku Limbe."

Hopewell anafuna kukana, koma anangoseka mwamanyazi. Mkazi ameneyu ankamudziwa ngati thumba la malaya ake.

"Nyumba ya m'phiri mukuifuna, dzina la m'tauni mukulifunanso," anapitiriza Edna, akumuchotsa fumbi pabondo. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Inu mwagwera ku Muloza."

"Nkhaniyi mwauza anthu angati?"

"Ochepa. Amayi, Esteri wa m'sitolo, ndi azimayi amvano amene ndinakhala nawo benchi imodzi."

"Ndiye kuti boma lonse lamva."

Hopewell anayang'ana mwana wake amene anali atadzola keke mpaka m'makutu. Ntchito ya ku Limbe anaivutikira, ndipo kuisiya kunkamuopsa ndithu. Anaganiza za bwana wake, za anzake, za mmene adzamusekere. Palibe mwa zimenezo chimene chinalemera ngati mawu a mwanayo.

"Mawa m'mawa ndikawaona a Abdul," anatero. "Tikagwirizana, Lolemba ndikapereka notisi."

Edna anangomudulira keke n'kumuikira m'manja.

"Takondwa!" anaitana. "Tabwera udzawalakatulire adadi ako. Pukuta kaye kukamwako."

Mwanayo anabwera n'kuima pakati pa bwalo, mapazi pamodzi, manja kumbuyo monga anamuphunzitsira. Hopewell anadzuka msangamsanga n'kuima chilili patsogolo pake, poti thupi lake sankalikhulupiriranso likakhala pansi.

"Ndakatulo yanga, mutu wake..." Takondwa anayamba mokweza, kenako analekeza. Anawayang'ana bambo ake kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Adadi, anthu amamvera atakhala."

"Ndiima, mwanangu. Ndikuopa kugona."

Mwanayo anaganiza pang'ono, nawagwira chala n'kuwakokera pakhonde.

"Khalani basi," anatero. "Mukagona ndikudzutsani."